Mawu Amene Yotamu Sanasiye

Izi sindinauzepo munthu. Mkazi wanga anamwalira osazimva, abusa athu sazidziwa, ndipo anyamata amene amabwera pakhonde panga pano pa Chama boma kudzafunsa za ku Joni ndimangowauza za malasha ndi kuzizira, basi. Zilembo ndinazidziwa mochedwa, imvi zitayamba kale, choncho mawu ena akapunduka mundikhululukire.

Kwathu ku Kambombo munthu akafera kutali, amene anali naye pafupi amabwera ndi zinthu ziwiri: katundu wake ndi mawu ake otsiriza. Katundu akatayika panjira anthu amamvetsa. Koma mawu satayika. Amakukhazika pamphasa, amakufunsa, ndipo mkazi wamasiye amakhala moyo wake wonse ndi zimene wanena tsiku limenelo. Ine ndinabweretsa katundu wa mlamu wanga Yotamu Goma, mwamuna wa mlongo wanga Nyazimba. Za mawuzo ndi zimene ndikufuna kulongosola, ngati ndingathe, chifukwa mpaka manje sindidziwa ngati ndinalakwa, kapena ndinalakwira pati.

Yotamu ndiye anayamba kupita ku Joni. Anabwera patapita zaka ndi jekete lachikopa ndi wailesi, n'kunena kuti bwana wake akufuna anthu ena osaopa fumbi. Chaka chimenecho madzi anali atanyamula mpunga wanga wonse, ndiye sindinaganize nthawi yaitali. Tsiku lonyamuka Nyazimba anatiperekeza mpaka pamphambano. Anapatsa mwamuna wake kathumba ka mtedza wokazinga, ine n'kundikokera pambali.

"Adumbu," anatero, pakuti kwathu mkazi amaitana mlongo wake motero, "mundisungire munthuyu. Amaseka ndi aliyense."

"Nanga ine andisunge ndani?"

"Inu nkhope yanu ikusungani."

Yotamu anaseka mpaka mtedza wina unatayikira mumchenga.

Mgodi wake unali wa malasha. Ife sitinkalowa pansi. Tinkawola ndi fosholo malasha ogwa kuchokera pa lamba, chilamba chachikulu champhira chimene chinkayenda usana ndi usiku osapuma. Ukalavula, malovu akuda. Ku hositelo tinkagona amuna ambiri chipinda chimodzi, mabedi osanjikiza, Yotamu pamwamba ine pansi. Zilankhulo zinali zambiri moti miyezi yoyamba ndinkangovomera chilichonse ndi mutu. Kuzizira kwa kumeneko munthu wa m'chigwa chotentha ngati chathu sangakumvetse. Madzi m'chidebe ankauma n'kukhala ngati galasi, ndipo Yotamu ankagona atavala sokosi m'manja. Ndalama tinkatumiza ndi madalaivala a mabasi. Malata anakwera pa nyumba zonse ziwiri, mwana wanga wamkazi anafika ku sekondale. Zimenezo sindidandaula nazo.

Za ambulansi zinayamba mwangozi. Lamba anagwira dzanja la mnyamata wina wa ku Lesotho. Anthu anabalalika akukuwa, ine ndinatsala, osati chifukwa cha kulimba mtima, miyendo ndiyo inakana. Ndinavula shati n'kumanga pamene magazi ankatuluka. Ambulansi itafika munatuluka mayi wamfupi wachimwenye amene aliyense ankamutcha Sisita. Anayang'ana mfundo yanga n'kupukusa mutu.

"Wamanga ndani zonyansazi?"

Ndinakweza dzanja.

"Wamanga molakwika. Koma sunathawe. Umadziwa kuwerenga?"

"Ayi."

"Ukaphunzire, ubwere."

Ndinalowa sukulu ya akulu ya pamgodi, madzulo tikaweruka. Bambo wa ana akuluakulu kukhala pabenchi n'kumatchula a, e, i. Yotamu ankandidikira pakhomo atapinda manja ngati kholo.

"Mlamu, lero sanakukwapule? Ndikugulire kabudula wa yunifolomu?"

Zinanditengera nthawi yaitali kuposa anzanga, chifukwa zilembo ndikazigwira madzulo, pofika m'mawa zinali zitathawa. Koma tsiku lina ndinabwerera kwa Sisita ndikuwerenga, ndipo anandiika m'gulu la ophunzira za ambulansi.

Kumeneko zonse zinali ndi dongosolo lake. Uyambe waona ngati iwe mwini uli pabwino. Umuitane wodwala. Uone njira ya mpweya, uone kupuma, uone magazi. Usadumphe, usabwerere, usayambe ndi chimene chikukuwa kwambiri. Tinaphunzira kumanga mabandeji, kumangirira khosi, kunyamula machira pamasitepe osapendeka. Panali chidole champhira chopanda miyendo, cha nkhope yachizungu, maso otseka. Tinkagwada n'kumachikanikiza pachifuwa mpaka thukuta. Ichi chinandivuta m'mutu masabata ambiri. Kwathu munthu akaleka kupuma timamutseka maso ndi pakamwa, akazi n'kuyamba kulira. Kuno ankati pamenepo ndi pamene ntchito ikuyambira. Ndinafunsa Sisita kuti nanga munthu amafa liti. Anati, "Dokotala akanena."

Yotamu atamva za chidolecho sanandisiye. "Ndikamuuza mkazi wako kuti wapeza mzungu wopanda miyendo. Wasankha bwino, mlamu, ameneyu sangakuthawe."

Phunziro limene Sisita ankalibwereza kwambiri linali la masiki ya mpweya, yapulasitiki ija yophimba mphuno ndi pakamwa, ya chingwe chochokera ku botolo. Ankainyamula m'mwamba kuti tonse tione.

"Munthu akasowa mpweya mutu umasokonezeka," ankatero. "Adzaikoka. Adzakutukwana, adzaitana amake, adzalumbira kuti ali ndi nkhani yofunika. Si iye akulankhula, ndi kusowa kwa mpweya. Mawu alionse amene watulutsa ndi mpweya umene wataya. Mugwire manja, bwezera masiki. Ukamumvera chisoni, wamupha."

Loweruka tinkayeserera pa anthu amoyo. Ankaitana aliyense wa ku hositelo wofuna kukhala wodwala, malipiro ake tiyi ndi mabanzi. Yotamu sankajomba. Ankagona pamachira, atapakidwa utoto wofiira, n'kumabuula mopitiriza muyeso, kukoka masiki, kunditukwana m'Chisenga, chilankhulo cha kwathu, zinthu zimene sindingalembe pano, ena onse akuganiza kuti akupemphera. Ine ndinkamugwira manja n'kubwezera masiki ndikudziluma milomo kuti ndisaseke. Sisita ankati, "Mwaona? Chomwecho."

Hoke inabwera ndi Sisita yemweyo. Kwao kunyanja yamchere anakula akusewera, ndipo pamgodi panali bwalo lakale la mabwana limene udzu unali utayamba kulilanda. Anati wonyamula machira ayenera kukhala ndi mpweya wothamangira, choncho aliyense wa m'gulu lake azisewera Lamlungu masana, afune asafune. Anatigawira ndodo zopindika kumapeto ngati chogwirira cha ambulera, ndi kampira koyera kolimba ngati mwala wamumtsinje. Malamulo ake anali odabwitsa. Mpira usaugunde ndi phazi. Ndodo ili ndi mbali ziwiri, koma umenye ndi mbali imodzi yokha. Ndinafunsa chifukwa chake, sanandiyankhe zomveka. Amuna amene anakula akumenya mpira wamiyendo phazi linkangopita lokha, wezulo n'kumalira mphindi iliyonse, timu yonse n'kumakangana m'zilankhulo zisanu ndi zina.

Yotamu sanali wa ambulansi, koma anabwera kudzaseka, ndipo tsiku lomwelo anatola ndodo. Anali ndi liwiro. Chimene anatiposa nacho tonse chinali kuwerama. Anzathu a m'matauni msana unkawapweteka msanga, ankaimirira, mpira n'kuwadutsa. Yotamu ankathamanga atawerama bwalo lonse osatopa.

Ine bondo linandigonjetsa mwezi wachiwiri. Sisita anandipachika wezulo m'khosi nati, "Maso uli nawo. Ukhale kochi." Ndinakhala kochi wa masewera amene mpaka lero sindiwamvetsa onse. Chimene ndinkadziwa ndinawauza: "Weramani ngati mukupalira mpunga! Matako pansi, khasu patsogolo!" A ku Mozambique ndi a ku Malawi anamva msanga. A m'matauni anafunsa kuti mpunga amaupalira bwanji. Ndinawaonetsa pakati pabwalo, anthu akugwa ndi phwete. Koma tinayamba kupambana. Tinapita pa basi ya mgodi kukasewera ndi matimu a migodi ina, tinaimba m'njira, tinadya nyama yootcha ndi anthu amene pa ntchito sakanatipatsa moni. Ndikati ndiwerenge masiku amene ndinasangalala kunja kuja, ambiri ake ndi a Lamlungu.

Tsiku limenelo linalinso Lamlungu. Sisita anali atapita kwao ku ukwati. Mayeso anga otsiriza anali pafupi, ndipo ndinali nditayamba kukwera ambulansi ngati wothandizira. Mkulu amene ndinkamuthandizira anaitanidwa ku ngozi yapamsewu ndi ambulansi ina. Pabwalo panatsala yakale, ine, ndi dalaivala wathu Mateusi wa ku Mozambique, amenenso anali goloboyi wa timu.

Popuma Yotamu anabwera akudzisisita pachifuwa.

"Nyemba za dzulo zija, mlamu. Zikundiotcha."

"Umadya ngati ukuba," ndinatero. Anaseka, anamwa madzi, anabwerera m'bwalo.

Sipanapite nthawi, anakhala pansi pakati pabwalo. Palibe anamugunda, mpira unali kutali. Anangoika ndodo pansi bwinobwino n'kukhala. Ena anayamba kuseka, ankamudziwa ndi zisudzo zake za Loweruka. Mmodzi anakuwa kuti lero kulibe mabanzi. Ine ndinaona milomo yake ili ngati phulusa, ndinathamanga ndi bondo langa lomwelo.

Thukuta linali lozizira. Ankapuma ngati munthu amene wamira n'kuvuulidwa. Ndinatsata dongosolo, sindinadumphe kalikonse. Tinamukweza pamachira, Mateusi analankhula pa wailesi ya m'galimoto akadali ndi zotchinga zake za m'miyendo, a pa wailesiyo anatiuza kuti tithamangire naye chipatala cha m'tauni. Chitseko chinatsekedwa. Kumbuyo kuja tinatsala awiri.

Ndinatsegula botolo, ndinamuveka masiki. Anapuma kangapo, kenako dzanja linakwera n'kuikokera pachibwano.

"Mlamu."

"Osalankhula. Puma."

Ndinabwezera. Galimoto inadumpha pa njanji, mabotolo anagundana. Dzanja linakweranso.

"Mlamu, pulika."

Ndiko kunena kuti imva, m'chilankhulo cha kwathu. Sanatukwane, sanaitane amake. Anandiyang'ana m'maso.

"Ukanena kuchipatala," ndinatero. "Manje puma."

Ndinabwezera masiki, ndinamugwira manja onse awiri n'kuwakanikiza pamimba pake, monga tinkachitira Loweruka. Analimbana nane. Anali wamphamvu kuposa ine masiku onse, koma tsiku limenelo ndinamugonjetsa. Milomo inkayenda mkati mwa pulasitiki, nthunzi inkabwera n'kuchoka, ndipo ndi kulira kwa sailini sindinamve kanthu. M'mutu mwanga munali mawu a Sisita okha: si iye akulankhula. Ndinkawabwereza ngati nyimbo ya kutchalitchi. Kenako manja ake anafewa. Ndinaganiza kuti wamvera.

Mtima unaima tisanalowe m'tauni. Ndinagwada, ndinayamba kukanikiza pachifuwa. Nthiti inathyoka pansi pa manja anga, monga anatichenjezera kuti zimachitika, ndipo sindinaleke. Ndinakanikiza mpaka pakhomo la chipatala, mpaka mkati, mpaka dokotala wachinyamata anandigwira paphewa n'kunena kuti basi. Pamenepo ndiye Yotamu anafa, malinga ndi maphunziro anga. Malinga ndi kwathu sindidziwa kuti anafera pati.

Sisita atabwera anandifunsa zonse, chimodzichimodzi, kuyambira pabwalo. Nditamaliza anati ndinachita zonse bwino, ngakhale iye sakanachita zina. Anati mtima wa Yotamu unali utawonongeka kale mkati, palibe akanaubweza.

"Anafuna kunena kanthu," ndinatero.

"Onse amafuna."

"Ananditchula. Analankhula chakwathu."

"Munthu wosokonezeka amalankhula chakwao. Ndinakuuzani."

"Nanga ngati sanasokonezeke?"

Anazunguliza kapu yake patebulo. Kenako anati, "Ukanachotsa masiki, lero ukanakhala pompano ukundifunsa ngati unamupha. Sankha funso limene ungathe kugona nalo."

Sindinasankhe. Mafunso onse awiri anabwera nane.

Mayeso ndinalemba. Pa mbali yochita ndi manja anatigonekera munthu woyeserera, ndipo nditamuveka masiki anaikoka n'kunena kuti ali ndi mawu. Manja anga anamugwira okha, anabwezera masiki. Woyesa anagwedeza mutu n'kulemba. Ndinakhoza bwino kuposa anyamata a sukulu zawo. Anandipatsa yunifolomu yobiriwira, ndinaivala, inandikwana.

Yotamu tinamuika konko, mtunda wobwera naye unali wautali. Timu yonse inabwera kumanda. Mateusi anatapa dothi la pamanda n'kulimanga m'kampango kuti ndidzapite nalo kwathu. Uthenga wa maliro ndinatumiza pafoni kudzera kwa mphunzitsi wina wa pa boma, ndinati ndibwera ndi katundu posachedwa. Sindinabwere. Chaka chilichonse ndinkapeza chifukwa: tchuthi chachepa, mapepala a pamalire, bondo. Sutikesi ya Yotamu inakhala pansi pa bedi langa, ndipo pabedi lapamwamba panagona munthu wina wosaseka.

Zaka zimenezo ndinanyamula anthu ambiri. Ophwanyidwa ndi miyala, obayidwa kumowa, amayi obereka m'njira, okalamba a chifuwa cha fumbi. Ambiri ankakoka masiki. Pamene mkulu wanga wa pa ambulansi sakuona, ndinayamba kumaitukula pang'ono n'kutchera khutu, kuti ndidziwe ngati Sisita ananena zoona. Wina anafunsa nsapato zake, ali nazo kumapazi. Wina anandiitana dzina la munthu wina n'kundilavulira. Wina anati ng'ombe zalowa m'galimoto. Ndinayamba kupeza mtendere. Ndiye tsiku lina mkulu wina wa ku Swazi anatchula bwinobwino dzina la mwana wake wamkazi ndi la mudzi, nati, umuuze ndamukhululukira. Anafa tisanafike. Mtendere uja unathera pomwepo. Ndinabwerera pamene ndinayambira, ndipo ndidakali pomwepo.

Ukochi sindinasiye. Ndinkaimabe m'mbali mwa bwalo n'kumakuwa za kupalira mpunga, kwa anyamata atsopano amene Yotamu sanamudziwe. Wina akangodzigwira pachifuwa ndinkamutulutsa, ngakhale akungokanda. Anayamba kunditcha nkhuku ya anapiye. Sisita anapuma ntchito, ndodo zinathyoka imodziimodzi, mgodi unachepetsa anthu, ndipo dzina langa linali m'gulu la opita.

Kwathu ndinapeza zinthu zitasuntha. Pamadenga panali magalasi a magetsi a dzuwa, ana amene ndinawasiya akukwawa anali ndi mafoni, ankandipatsa moni wa alendo. Mkazi wanga anandiyalira mphasa yatsopano ngati ndine m'busa. Nditamugwira dzanja ndinazindikira kuti zala zanga zapita pamtsempha, zikumvetsera kugunda kwa mtima wake. Anachotsa dzanja mwaulemu.

Nyazimba anali akadali kumudzi kwa a Goma. Anali atawonda, tsitsi litayera m'mbali. Maliro anali atalira kalekale, koma sutikesi italowa m'mudzi analiranso ngati ndi dzulo. Kampango ka dothi anakakwirira kumanda a makolo. Titabwerako anatikhazika pamthunzi, abale onse, ndipo mkulu wake wa Yotamu, a Filimoni, munthu wofatsa wokonza njinga, anandipempha kuti ndilongosole.

Ndinayamba ndi bwalo. Pomwepo zinavuta.

"Ndodo?" anafunsa azakhali ena. "Ankamenyana?"

"Ayi, amama, masewera. Mpira wa ndodo."

"Bambo wa ana, kupita ku Joni kukathamangitsa kampira ndi ndodo? Inu munali kuti?"

"Ine ndinali wowaphunzitsa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinapitiriza: chifuwa, ambulansi, chipatala, dokotala, manda. Za masiki ndinangoti tinamupatsa mpweya. A Filimoni anaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Zikomo alamu, matenda mwalongosola bwino. Manje tipatseni mawu."

"Panalibe mawu."

"Anagwa n'kufa pomwepo?"

"Ayi. Tinayenda naye pa galimoto mtunda ndithu."

"Anali atakomoka?"

"Maso anali otsegula."

"Ankakudziwani?"

"Ankandidziwa."

A Filimoni anapukuta manja awo pa thalauza ngati ali ndi girisi, ngakhale anali atasamba. Sanakweze mawu.

"Alamu, mundithandize, mwina ine ndi wopusa. Munthu ali maso. Akuona kuti akupita. Mlamu wake ali pambali, awiriwiri, chitseko chotseka. Yotamu, amene ankalankhula ngakhale m'tulo. N'kukhala chete?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndinafuna kunena, Mulungu ndi mboni. Koma ndinafufuza m'Chisenga chonse mawu onenera kuti ndinamugwira manja n'kumuphimba pakamwa ali moyo pofuna kumupulumutsa, ndipo sindinawapeze. M'chilankhulo cha Sisita chinthucho chili ndi dzina labwino, amapereka nacho satifiketi. M'chathu munthu wochita zimenezo ali ndi dzina limodzi lokha. Ndinayang'ana pansi. Anthu anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, ndipo ndinamva azakhali aja akunong'ona kuti mawu alipo, koma ndi olemera.

Dzuwa litapendeka Nyazimba anandipeza kuseri kwa nkhokwe. Anabwera ndi lichero la mpunga, anakhala pansi n'kumasankha timiyala, osandiyang'ana.

"Adumbu, ine ndakula, nsanje inatha. Ngati kunali mkazi, nenani."

"Kunalibe mkazi."

"Ngati kuli mwana, nenani dzina lake. Abwere adzaone kwa atate ake, sindimuthamangitsa. Zaka zonsezi simunabwere, ine ndinadziwa kuti mwasenza chinthu chimene mukuopa kunditula. Ndakhala ndikumuganizira mkaziyo mpaka ndinamupatsa nkhope. Ndikamalima ali pambali panga."

"Nyazimba, ndikulumbira, kunalibe. Ndinkagona pansi pa bedi lake."

"Ndiye anati chiyani?"

Apa anakweza maso. Ndinaona kuti ndikanenanso kuti panalibe mawu, mkazi wa nkhope uja akhala naye mpaka kumanda. Ndikanena zoona, ataya mwamuna kachiwiri, ndi mlongo yemwe. Ndipo zoonazo ndi ziti? Kuti Yotamu anali ndi mawu ine n'kuwatsekera, kapena kuti kunali kusowa kwa mpweya chabe? Ine mwini sindinkadziwa chimene ndikubisa.

"Mawa," ndinatero. "Ndikuuza mawa, uli wekha."

Anagwedeza mutu, ananyamula lichero.

Kunja kukuyera ndinakumbukira tsiku lina ku hositelo, kale Yotamu asanadwale n'komwe. Anali pabedi lake akusoka nsapato, miyendo ikulendewera pamaso panga, atangomva kuti njovu zadutsanso m'munda wao wakumtsinje. Anati, "Mlongo wako ndi wamakani. Munda uja udzamuphetsa, amagona kumsasa yekha kulondera chimanga. Ndikapita ndikamusamutsa, azilima kumtunda." Anali mawu ake enieni, otuluka pakamwa pake. Tsiku lokha ndilo linali lina.

Nyazimba ndinamupeza akusesa pabwalo, ana asanadzuke. Ndinamuuza kuti m'galimoto muja Yotamu anati: umuuze Nyazimba asiye munda wakumtsinje, njovu zidzamupha, azilima kumtunda.

Anaima ndi tsache m'manja.

"Basi?"

"Basi."

"Zimenezi ndi zimene mwabisa zaka zonsezi?"

"Ndinaona ngati n'zochepa. Ndinachita manyazi kubwera nazo."

Anayamba kuseka, kuseka kunasanduka kulira, anakhala pansi pafumbi pomwe anasesa. "Ndi iye," ankatero. "Ndi iye ndithu. Munthu akufa, akukangana nane za munda."

Munda wakumtsinje unali wabwino kuposa minda yonse ya kwa Goma, dothi lakuda, chinyezi mpaka chilimwe. Wakumtunda ndi wamiyala. Mpaka manje chimanga chake chimalekera m'chiuno, zaka zina ndimawatumizira ufa kuchokera kuno ku boma, ndipo Nyazimba salola mwana aliyense kubwerera kumtsinje. Amati atate anu analetsa ndi mpweya wao wotsiriza. Njovu sinamuphe. Kaya ikanamupha, sindidziwa.

M'mawa umenewo atapukuta misozi anandifunsa kuti kumtunda kwake Yotamu ankanena pati. Ndinaloza chitunda cha kuseri kwa mudzi, poti ndi chimene maso anga anaona. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi nkhwangwa ya mwamuna wake n'kundipatsa. Ndinapita patsogolo, iye pambuyo, ndipo nditafika pamtengo woyamba ndinalavulira m'manja n'kuyamba kudula.